Adalemba Mndandandawu Ndani? Mbiri ya Digiri ya Chingerezi ku Chirunga

Munthu wokhala kuno ku Matawale, akadzuka m'mamawa masiku a sukulu, amaona anyamata ndi atsikana atabereka zikwama, akufulumira kupita ku Chirunga kumene kuli Yunivesite ya Malawi, sukulu imene kufikira m'chaka cha 2021 inkatchedwa Chancellor College. Ena mwa iwo akuphunzira Chingerezi. Mukawafunsa za maphunziro awo, amakuonetsani pepala la mndandanda: maphunziro awa ngokakamiza, awa ngodzisankhira, chaka choyamba mabuku akuti, chaka chachinai akuti. Kwa wophunzirayo pepalali limaoneka ngati lidagwa kumwamba lili lolembalemba. Komatu mndandanda uliwonse wa maphunziro udalembedwa ndi anthu, ndipo anthuwo adali ndi chithunzi m'mitima mwawo cha munthu amene ankafuna kumuumba.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya mndandanda umenewu. Tiona kuti ku Zomba kuno udalembedwa ndi manja atatu osagwirizana: dzanja la mwambo wa ku Mangalande, dzanja la aphunzitsi ofuna kuti Afirika amveke, ndi dzanja la boma lofufuta. Tionanso kuti phunziro limene lidabala zipatso zambiri silidalembedwe konse pamndandandapo. Nkhaniyi itikhudza ife a m'seminale, pakuti nafenso timaumbidwa ndi mndandanda umene adatilembera ena.

Phunziro lobadwa mochedwa

Ambiri amaganiza kuti Angerezi akhala akuphunzitsa mabuku a chilankhulo chawo m'sukulu zaukachenjede kuyambira kalekale. Sizili choncho ai. Kwa zaka mazana ambiri munthu wophunzira ku Ulaya adali wodziwa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo Chingerezi chidali chilankhulo cha kunyumba ndi kumsika. Mpando woyamba wophunzitsira luso la kalankhulidwe ndi kalembedwe m'Chingerezi udakhazikitsidwa ku Edinburgh m'chaka cha 1762, ndipo adaukhalira ndi mbusa wa Mpingo wa Skotilandi, Hugh Blair. Ku London phunziroli lidayamba m'chaka cha 1828. Koma Oxford idadikira mpaka 1894, ndipo Cambridge mpaka 1917. Akuluakulu a ku Oxford ankaopa kuti kuwerenga nthano ndi ndakatulo nkosewera chabe, kotero adalamula kuti wophunzira aliyense aziyamba walimbana ndi Chingerezi chamakedzana, chimene ngakhale Mngerezi weniweni sachimva popanda mphunzitsi.

Chodabwitsa nchakuti m'maiko olamulidwa ndi Angerezi phunziroli lidalandiridwa msanga kuposa kwawo. M'chaka cha 1835 Thomas Macaulay adalangiza boma la atsamunda ku India kuti ndalama za maphunziro zizipita ku Chingerezi m'malo mwa zilankhulo zakale za dzikolo, pofuna kupeza anthu oti akhale mkhalapakati wa olamula ndi olamulidwa. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makoleji a Ibadan ku Nigeria ndi Makerere ku Uganda ankapereka madigiri a Yunivesite ya London. Mwana wa ku Afirika ankayamba ndi Chaucer, nkudzera kwa Shakespeare ndi Milton, mpaka kwa Jane Austen ndi Dickens. Chinua Achebe adaphunzira ku Ibadan mwa njira imeneyi, ndipo poona m'mene mabuku ena a Azungu ankajambulira munthu wakuda, adalemba Things Fall Apart, buku limene lidatuluka m'chaka cha 1958. Tsono mndandanda womwewo udabala mwana wodzautsutsa.

Chiyambi ku Chichiri

Dziko lathu lidalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo m'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo kuno ku Zomba idakhazikitsa Yunivesite ya Malawi. Maphunziro adayamba m'chaka cha 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90. Mkulu woyamba woyendetsa yunivesiteyi, Dr. Ian Michael, adali katswiri wa mbiri ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi. M'chaka cha 1970, ali paudindo kuno, adatulutsa buku lalikulu lofotokoza m'mene Angerezi akale adaumirizira chilankhulo chawo kuti chilowe m'chikombole cha malamulo a Chilatini. Motero munthu amene adatsogolera sukuluyi ankadziwa bwino lomwe kuti mndandanda wa maphunziro ndi chinthu chopangidwa ndi anthu.

Digiri ya kuno idasiyana ndi ya ku Mangalande pa zinthu ziwiri. Choyamba, idali ya zaka zinai osati zitatu, chifukwa ophunzira ambiri ankalowa atangomaliza Fomu 4. Chachiwiri, idali yotambalala. Wophunzira ankayamba ndi maphunziro angapo, monga Chingerezi, mbiri yakale, Chifalansa kapena nzeru za kuganiza, ndipo ankanka nachepetsa chaka ndi chaka mpaka kutsala ndi amene wawakonda koposa. Dziko lidali ndi njala ya aphunzitsi a m'sekondale ndi ya anthu ogwira ntchito m'boma, choncho silikadatha kudikira akatswiri a phunziro limodzi lokha. M'chaka cha 1973 koleji idasamukira kuno ku Chirunga, ndipo idaphatikizidwa ndi koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndiponso sukulu ya kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Kuyambira pamenepo ambiri mwa ophunzira Chingerezi adali anthu okonzekera kukagwira choko.

Chifukwa cha ichi nthambi ya Chingerezi idasenza akatundu atatu pamutu umodzi. Idayenera kunola Chingerezi cha ophunzira, poti maphunziro onse ankachitika m'chilankhulo chimenechi. Idayenera kuphunzitsa za chilankhulo chenichenicho, kamvekedwe ka mau ndi kamangidwe ka ziganizo. Idayeneranso kuphunzitsa mabuku. Aphunzitsi ambiri a zaka zoyambazo adali ochokera kunja, ndipo oyesa mayeso ochokera m'mayunivesite ena ankabwera kudzaona ngati digiri ya kuno ikulingana ndi ya kwina. Dzanja la mwambo wa ku Mangalande lidali lolemera ndithu.

Chaka cha 1968

M'chaka chimodzi chokha, cha 1968, mudachitika zinthu zitatu zimene zidasintha mndandandawu kwa zaka zambiri zotsatira.

Choyamba chidachitikira ku Nairobi. Aphunzitsi atatu a pakoleji ya kumeneko, Ngugi wa Thiong'o, Henry Owuor-Anyumba ndi Taban lo Liyong, adalemba kalata yopempha kuti nthambi ya Chingerezi ithetsedwe, ndipo m'malo mwake mukhale nthambi ya zolemba ndi zilankhulo za mu Afirika. Iwo sadanene kuti Shakespeare aponyedwe kudzala. Funso lawo lidali lakuti: pakati pa bwalo pakhale ndani? Adati mwana wa mu Afirika ayambe ndi nthano, nyimbo ndi mabuku a kwawo, ndipo zolemba za ku Ulaya azione ataima panthaka yake. Mau amenewa adamveka m'mayunivesite onse a kuno kum'mawa ndi pakati pa Afirika, ndipo popeza kampani ya Heinemann idali itayamba kale, m'chaka cha 1962, kusindikiza mabuku otsika mtengo a alembi a mu Afirika, padalibenso chonamizira chakuti mabuku palibe.

Chachiwiri chidachitika kwathu kuno. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndipo chikhale chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. M'chaka cha 1972 boma lidakhazikitsa bungwe loyang'anira Chichewa, ndipo m'zaka zomwezo Chichewa chidapeza nthambi yakeyake pakoleji. Ichi chidali chaulemu ku chilankhulo chathu, koma chidamanga mpanda pakati pa zolemba za dziko limodzi. Nthondo wa Samuel Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe ndi ndakatulo za E. J. Chadza zidakhala mbali ina ya mpandawo, pamene mabuku a Amalawi olemba m'Chingerezi adakhala mbali inayo.

Chachitatu ndicho lamulo lokhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo. M'zaka zake zisanu ndi ziwiri zoyambirira bungweli lidaletsa mabuku oposa 800. Ena mwa oletsedwawo adali mabuku odziwika padziko lonse, monga Animal Farm la George Orwell. Alembi a kwathu amene adali kunja chifukwa chosiyana maganizo ndi boma, monga David Rubadiri, kazembe wathu woyamba ku America, ndi Legson Kayira, sadali anthu oti mphunzitsi nkuwatchula momasuka m'kalasi. Choncho pa nthawi yeniyeni imene Nairobi inkati tsegulani chitseko kuti Afirika alowe, boma lidaika mlonda pakhomo.

Nthano za agogo zilowa m'kalasi

Ngakhale zidali choncho, dzanja lachiwiri lija silidafooke. Aphunzitsi ndi ophunzira adapeza kuti pali chuma china chimene mlonda sangachiletse msanga, ndicho zolankhula za makolo: nthano, miyambi, zilapi, nyimbo za pamtondo, za maliro ndi za chinamwali. Boma lenilenilo linkalalikira za kusunga chikhalidwe, nanga likadaletsa bwanji nthano ya Kalulu? Ophunzira ankapita kumudzi patchuthi kukatola nthano kwa agogo awo, nkudzazilemba ndi kuzimasulira. M'chaka cha 1976 kudayamba kutuluka kabuku kotchedwa Kalulu, kosungiramo zotolatola zimenezi.

Pantchitoyi Eklezia adathandizapo. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Amonfoti, amene adafufuza kwa zaka zambiri za chipembedzo cha M'bona ku Nsanje, adaphunzitsa pakolejiyi m'zaka za m'ma 1970. Kafukufuku wake adapatsa alembi achinyamata nkhokwe ya zifanizo. Steve Chimombo, mwana wa kuno ku Zomba, adalemba sewero la The Rainmaker lonena za M'bona, limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1978, ndipo adatenga Napolo, chinjoka chimene makolo amati chimagumula phiri lathuli, nachisandutsa chifanizo cha mphamvu yoononga pakati pa anthu. M'chaka cha 1985 Bambo Schoffeleers ndi Adrian Roscoe adatulutsa Land of Fire, buku la nthano za m'Malawi. Mabuku awiriwa, pamodzi ndi Nine Malawian Plays la m'chaka cha 1976, adasindikizidwa ndi a Popular Publications ku Limbe, nthambi ya ntchito zosindikiza za Amonfoti.

Felix Mnthali, mmodzi mwa Amalawi oyamba kuphunzitsa m'nthambi ya Chingerezi, adalemba ndakatulo yotchedwa The Stranglehold of English Lit., m'mene adafunsa ngati anthu a m'mabuku a Jane Austen, amene sadera nkhawa za chakudya cha mawa, angayankhe mafunso a mwana wa mlimi wa kuno. Funsoli lidachokera kwa munthu wodziwa bwino mabuku a Angerezi, wofika nawo pa digiri yaudokotala. Sadali kunyoza chimene sadachidziwe. M'chaka cha 1976 Mnthali adatsekeredwa popanda mlandu, pa nthawi imene ophunzira bwino ambiri ochokera kumpoto ankagwidwa, ndipo adatuluka chaka chotsatira.

Phunziro losalembedwa pamndandanda

M'chaka cha 1970, koleji ikadali ku Chichiri, ophunzira ndi aphunzitsi ena adayambitsa gulu la alembi. Ankakumana madzulo sabata ndi sabata. Wolemba ndakatulo kapena nthano ankaichulukitsa pamakina, nkugawira anzake, nkuiwerenga mokweza, kenaka nkukhala chete anzakewo akuisenda ngati chinangwa. Padalibe malikisi, padalibe mayeso, ndipo palibe amene adakakamizidwa kubwera. Mphunzitsi ndi wophunzira ankadzudzulana ngati anthu a msinkhu umodzi. M'chaka cha 1971 gululi lidatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. M'gulu limeneli mudadzera Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Anthony Nazombe ndi ena ambiri amene maina awo akudziwika kunja kwa dziko lino. M'zaka zomwezo mudayambanso gulu la zisudzo loyendayenda, limene linkatengera masewero kusukulu ndi kumidzi.

Popeza makutu a boma adali paliponse, alembiwa adaphunzira kulankhula mophiphiritsa monga amachitira amai pamtondo, amene amadzudzula mwamuna kapena apongozi m'nyimbo popanda kutchula dzina. Nyimbo ya pamtondo idasanduka mphunzitsi wa ndakatulo ya Chingerezi. Apa ndi pamene miyambo iwiri ija idakumanadi: luso losanthula mau limodzilimodzi, limene ophunzira adalitenga m'kalasi powerenga alakatuli a ku Mangalande, ndi luso la mkuluwiko limene adayamwira kumudzi. Likadasowa limodzi mwa awiriwa, sipakadaphuka kanthu. Koma mtengo wake udali wowawa. Landeg White, mmodzi mwa aphunzitsi oyambitsa gululi, adapirikitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 1972, ndipo Chipasula adathawira kunja chaka chotsatira.

Boma nalo lidali ndi chithunzi chake cha munthu wophunzira. Dr. Kamuzu Banda ankakhulupirira kuti wosadziwa Chilatini ndi Chigiriki sadaphunzire. M'chaka cha 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene zilankhulo ziwirizi zidali zokakamiza, ndipo m'chaka cha 1982 ku Chirunga kudayamba nthambi yophunzitsa zomwezo. Taonani m'mene mbiri imazungulirira: pamene mayunivesite ena a mu Afirika ankakangana ngati Shakespeare ayenera kukhala patsogolo, kwathu kuno tidabwerera ku mndandanda umene Oxford idali nawo Chingerezi chisadalowe.

Kuchokera ku Chirunga kupita ku Mikuyu

M'chaka cha 1981 buku la ndakatulo la Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidatuluka ku London. Boma silidalengeze poyera kuti laletsedwa, koma m'chaka cha 1985 lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu. Motero mphunzitsi ankaima pamaso pa ophunzira amene sakadatha kuwerenga buku lake momasuka, pamene anzawo a m'maiko ena ankaliwerenga m'kalasi. Pa 25 September 1987 Mapanje, ali mkulu wa nthambi ya Chingerezi, adagwidwa ku Gymkhana Club mu tauni muno, natsekeredwa ku ndende ya Mikuyu, mtunda wochepa chabe kuchokera kuno ku Matawale. Sadamuzenge mlandu uliwonse. Adatuluka m'mwezi wa May 1991, patapita zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Mmodzi mwa amene adathandiza kuti dziko lonse limve za kugwidwaku adali mphunzitsi mnzake, Bambo Patrick O'Malley, wansembe wa ku Ireland wa chipani cha Patrick Woyera. Pa 8 March 1992 kalata ya Aepiskopi athu ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo mwa zina idadandaula za kusowa kwa ufulu wa kulankhula ndi wa maphunziro. Ophunzira a ku Chirunga adayenda m'miseu ya Zomba kuvomereza kalatayo, koleji idatsekedwa, ndipo m'chaka chomwecho Bambo O'Malley adakakamizidwa kuchoka m'dziko muno. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera m'chaka cha 1994, mabuku amene kale ankabisidwa pansi pa matiresi adalowa m'kalasi. David Rubadiri, amene dzina lake lidali loopsa kulitchula, adabwerera kwawo, ndipo m'chaka cha 2000 adakhala mkulu woyendetsa yunivesite yomweyo.

Tiphunzirepo chiyani?

Funso lakuti wophunzira awerenge mabuku a yani silachilendo mu Eklezia. Akhristu oyamba adavutika nalo pa za mabuku a Agiriki ndi Aroma amene sankadziwa Khristu. Jerome Woyera adalota akuweruzidwa chifukwa chokonda Cicero koposa Malembo. Koma Basil Woyera adalangiza achinyamata kuti achite ngati njuchi, imene imatera pamaluwa osiyanasiyana nkutengapo chokhacho chopangira uchi, ndipo Augustino Woyera adafanizira nzeru za akunja ndi golide amene Aisraele adatuluka naye ku Ejipito. Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano, m'chaka cha 1965, udalamula kuti ophunzira unsembe adziwe Chilatini chokwanira kuwerengera zolemba za Eklezia, komanso udaphunzitsa kuti mbeu za Mau a Mulungu zidafesedwa kale m'miyambo ya mitundu yonse. Seminale ya Kachebere kuyambira 1939, ndi ya Petulo Woyera kuno ku Zomba kuyambira 1977, zakhala zikusenza funso lomwelo limene nthambi ya Chingerezi idasenza: Thomas wa ku Aquino akhale pati, ndipo M'bona ndi nyimbo za maliro a kwathu zikhale pati?

Mbiri ya ku Chirunga itiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, sitipindula pothamangitsa mlendo, pakuti akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mnthali, Chimombo ndi Mapanje adameta bwino chifukwa adalandira kalumoko. Koma mlendo sakhala pampando wa mwini mudzi. Digiri ya Chingerezi m'Malawi imene munthu angaimalize osawerengapo Ntara, osatolapo nthano imodzi kwa agogo ake m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chitumbuka, ndi digiri yopunduka. Mpanda umene udamangidwa m'chaka cha 1968 pakati pa zolemba za m'Chingerezi ndi za m'zilankhulo zathu uyenera kukhala ndi zipata zambiri.

Chachiwiri, poweruza mndandanda tisayang'ane zolembedwapo zokha, koma tifunsenso zimene zasiyidwa, ndi amene wazisiya. Kale ankafufuta ndi mlonda wa boma. Lero buku likhoza kusowa pamndandanda chifukwa ndi lodula, kapena chifukwa wina waganiza kuti ndakatulo sizilembetsa munthu ntchito. Kusowa kwa ntchito ndi nkhawa yeniyeni, ndipo kholo limene lagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire liyenera kuyankhidwa moona. Koma dziko limene ophunzira ake adziwa kulemba kalata yofunsira ntchito, osadziwa kuzindikira bodza lovala mau okoma, lidzalira tsiku lina.

Chachitatu, mndandanda ngwofunika, koma sungathe zonse. Ungakakamize munthu kuwerenga, koma sungamukakamize kukonda choona. Chimene chidaumba alembi athu chidali chipinda chija cha madzulo, m'mene anthu ankabwera mwa kufuna kwawo kudzamva anzawo akuwauza mosabisa kuti mzere uwu ngwofooka, fanizo ili nlabodza. Akuluakulu a sukulu iliyonse, ya boma kapena ya Eklezia, polemba mndandanda asiyeko mpata wa chipinda chotere, ndipo asatumeko mlonda. Ndipo inu achinyamata amene mumadutsa kuno ku Matawale m'mamawa, pepala lija mukalitenga m'manja, kumbukirani kuti maina ena amene alembedwapo adalowapo eni ake atayamba agona pasimenti ku Mikuyu.